Bulaki ndi Jamani pa Chombo cha a Kamwendo

Cha m'ma 1966

Zaubwana wanga sindilemba, mapepala ndi ochepa ndipo dzanja langa limatopa msanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, Chichewa ndinachitolera pantchito kwa makapitawo, ndiye mukapeza pena papindika muwongole nokha, inu amene ndinakulipirirani sukulu. Ine ndine Yotamu Mwakalinga, atate wanu. Ndikufuna mudziwe za ng'ombe zanga ziwiri zapangolo, Bulaki ndi Jamani, ndi mmene anthu ena anafunira kundilanda ng'ombezo masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndikuwomba m'manja. Koma ndiyambe ndi mmene ndinalowera ntchito.

Ntchito yoyamba ndinaipeza ku Mwenilondo. Kunalibe doko lenileni, ndiye bwato la katundu likabwera linkaima patali, ife n'kumalowa m'madzi ofika m'khosi kukasenza matumba a simenti ndi mchere. Kapitawo wathu anali a Jumbe, munthu wa ku Nkhotakota, wamfupi, wosakonda zoseka. Tsiku lina anandimva ndikukalipira mnzanga amene anagwetsa thumba m'madzi, ine ndili kumtunda, iye ali kubwato. Anandiitana nati, "Iwe, pakhosi pakopo unameza lipenga?" Ine ndinati, "Ndi mmene timayankhulira kwathu, bwana." Iwo anati, "Kwanuko ndiye kulibe chinsinsi. Mawa upite pa mtsinje wa Lukwego, akufuna munthu woitana pantuni yowolotsa anthu ikakhala tsidya." Umo ndi mmene ndinalembedwera ku Wokisi, nthambi ya boma yoona za misewu. Sindinalowe ndi satifiketi, sindinalowe ndi m'bale wa mu ofesi. Ndinalowa ndi khosi langa, ndipo sindinagwadire munthu.

1967 mpaka cha m'ma 1976

Lukwego inu mumaudziwa uli ndi mlatho, mumangodutsa pa minibasi maso ali pafoni. Nthawi imeneyo m'chilimwe mwana ankawoloka madzi akumulekeza m'mawondo, koma mvula ikagwa kumapiri mtsinjewo unkatayikira m'dambo lonse, madzi otambalala, oyenda mwaulesi, odzaza bango ndi udzu woyandama. Tsidya lija kunali alimi a mpunga ndi chinangwa. Tsidya lino kunali msewu, msika wa Mlare ndi chipatala. Pakati panali ife ndi pantuni ya boma, migolo yachitsulo yomangirira pamodzi, matabwa pamwamba, kainjini ka dizilo kumbuyo. Tinkawolotsa amayi apakati, maliro, matumba a mpunga, aphunzitsi obwera kuchokera kumwera akulira kuti awataya kutchire. Sipanapite nthawi anandikweza kukhala kapitawo wa pantuniyo, ndili ndi anthu asanu pansi panga. Wamkulu mwa iwo anali Efraimu, mnzanga wapamtima, munthu wamtali wodziwa kugwira nsungwi yopondera, koma pakamwa pake panali lumo.

Mabwana ndinawaona ambiri, ena sindikumbukiranso nkhope. Wina ankaopa madzi moti ankatiyendera ataima pamsewu, akufunsa ndi chala. Wina anatitumizira penti wambiri chaka chimene tinkapempha chingwe, ndipo titadandaula anati pantuni yoyera imalemekeza boma. Tinaipenta, n'kuimangirira ndi luzi. Zonsezo ndinkangopirira, chifukwa ndikaweruka ndinali ndi kwanga kopita.

Ndinali nditakwatira amayi anu, mwana wa ku Uraha, ndipo pamodzi tinagula tiana ta ng'ombe tiwiri. Ndinatiphunzitsa ndekha goli. Bulaki anali wakuda bii, wochedwa kudzuka koma wanzeru, ankadziwa yekha polekezera mzere. Jamani anali wofiira, nyanga imodzi yoweramira pansi, wamtima wapachala ngati mwini wake. Chikoti sindinazikhudze nacho n'kamodzi komwe, zinkamva pakamwa basi. Madzulo ndinkaziyatsira utsi wa ndowe zouma kuti udzudzu usazidye, monga ankachitira atate anga. Malipiro a ku Wokisi anali oti ukagula sopo ndi mchere watha. Chimene chinakudyetsani inu, chimene chinakuvekani yunifomu, ndi pulawo ndi ngolo ya ng'ombe ziwirizo. Iwe Tiwonge, mwana wanga woyamba, unaphunzira kuyenda utagwira mchira wa Bulaki. Funsa amako ngati ndikunama.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Kenaka dizilo anasowa. Poyamba ankabwera mochepa, kenaka ankabwera lonjezo lokha. Kainjini kanakhala chete, mphemvu n'kumangamo. Ife tinabwerera ku nsungwi ndi nkhafi, ndipo anthu ankawoloka ndithu, ngakhale mochedwa. Asodzi nawo ankathandiza ndi mabwato awo. Palibe amene anafa chifukwa chosowa chowolokera.

Nthawi imeneyo n'kuti atatitumizira folomani watsopano, a Kamwendo, munthu wa ku Ntcheu. Ndisawanamizire, sanali wakuba ndipo sanali wankhanza. Anali munthu woonda, wamagalasi omangirira ndi waya, wokonda zitsulo kuposa chakudya. Vuto lawo linali loti ankawerenga kwambiri. Tsiku lina anafika padoko nkhope ikuwala, nati, "A Mwakalinga, ndapeza! Kale kumaiko akutali, injini zisanachuluke, anthu ankayendetsa zombo ndi akavalo. Akavalo akuzungulira pamwamba, magudumu akupalasa madzi m'mbali. Kuno akavalo kulibe, koma ng'ombe n'zosayamba. Ng'ombe siifuna dizilo, imafuna udzu."

Efraimu anafunsa kuti, "Bwana, anthu akutaliwo akadali nazo zombo zimenezo?"

"Anazisiya."

"Anazisiyiranji?"

A Kamwendo anali atayamba kale kuyeza matabwa ndi phazi.

Anakatenga chitsulo cha kumbuyo kwa lole yakufa, chija chimagwira mateyala awiri, amakaniko amati difu. Anachigoneka chopingasa pakati pa pantuni yathu. M'malo mwa mateyala anakhomamo magudumu awiri akuluakulu a matabwa, lina mbali iyi lina mbali iyo, olendewera m'madzi. Pakati anaimika chitsulo choloza kumwamba, n'kumangirirapo mtanda wautali wa bulugamu. Ng'ombe zikamangidwa kumtandawo n'kumazungulira, magudumu azipalasa. Anagwira ntchitoyo chilimwe chonse, manja ali mabala okhaokha. Iwo chombocho anachitcha Chitukuko. Anthu a pa Mlare atachiona anachitcha Chigayo, ndipo dzina limenelo ndi limene linakhala.

Chitatha, kunabwera a tcheyamani a chipani a dera lathu. Dzina lawo sindilemba, adzukulu awo mumapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anali munthu wonenepa, woyenda panjinga yokhala ndi kambendera, anyamata a chipani awiri akuthamanga pambuyo. Anandipeza pakhola panga ndikuchotsa nkhupakupa m'khutu mwa Jamani.

"Monire, dada Mwakalinga. Chipani chamva kuti muli ndi ng'ombe zomvera kuposa zonse kuno."

"Chamva zoona," ndinatero ine, chifukwa zinali zoona.

"Ndiye zikathandize pa chombo chija. Mukungobwereketsa, dada. Ng'ombe ndi zanu, chombo kapitawo wake ndinu, palibe chotayika."

Ndinati, "Nanga munda wanga alima ndani? Mvula yayandikira."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana anyamata awo, n'kunena mofatsa kuti, "Kodi mukutsutsa chitukuko?"

Ana inu simungamvetse kulemera kwa funso limenelo. Masiku amenewo munthu ankafunsidwa funso limenelo lero, mawa mkazi wake n'kumayendayenda kupolisi kufunsa kumene amupititsa. Ine wa khosi lalikulu ndinatsitsa mawu. Ndinati, "Yayi, sindikutsutsa."

Mvula ya chaka chimenecho

Kukweza ng'ombe pa pantuni kunali nkhondo. Ng'ombe yakwathu kuno imasambira, siopa madzi, koma thabwa logwedezeka pansi pa ziboda zake ndi chinthu china. Jamani anathyola thabwa lokwererapo, Bulaki anangogona pansi n'kutseka maso. Ndinazinyengerera m'chiyankhulo chakwathu mpaka zinakwera, chifukwa zinkandikhulupirira. Chimenecho ndiye chimandipweteka kwambiri.

Tsono imvani mmene chinkayendera chombo cha anthu ophunzira. Ng'ombe zinkazungulira, kuzungulira, kuzungulira, gudumu n'kungotembenuka kamodzi ngati nkhalamba pamphasa. Bwalo lozunguliramo ng'ombe linadya malo onse, moti pantuni imene kale inkanyamula ngolo yodzaza tsopano inkanyamula anthu ochepa opanikizana m'makona, akuweramitsa mitu mtanda ukamadutsa. Pa kamalo kotsalako tinkaikanso mtolo wa udzu wa ng'ombezo. Ndowe zinkagwera pamatabwa, anthu n'kumaterereka. Namwino wina wa ku Zomba anagwa chagada ndi yunifomu yake yoyera, ndipo mawu amene anatiuza sindingawalembe m'buku la ana anga. Choipitsitsa n'chakuti udzu woyandama ukakola gudumu limodzi, linzake linkathamanga lokha, chombo chonse n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi pakati pa dambo. Ng'ombe zikuzungulira pa chombo, chombo chikuzungulira pamadzi, amayi akusanza. Asodzi ankatidutsa pa mabwato awo n'kumafuula kuti, "Dada kapitawo, ufa watuluka?" Mayi wina anabwera ndi dengu la chinangwa chouma n'kufunsa Efraimu mtengo wogayitsira. Zoona zake n'zakuti chimene chinkatifikitsa tsidya inali nsungwi ya Efraimu kumbuyo, iye akutukwana chapansipansi.

Ndinawauza a Kamwendo kuti, "Bwana, nkhafi zinkatiwolotsa msanga kuposa ichi." Iwo anati, "Chinthu chatsopano chimayamba choncho, a Mwakalinga. Ndikonza magiya." Anakonza, n'kukonzanso. Munthu wa Mulungu uja ankagona maganizo ali pa magiya, koma amene ankalipira anali Bulaki ndi Jamani. Ng'ombe inalengedwa kuti iziyenda molunjika. Zanga zinkatsika pa chombo madzulo zikudzandira ngati zamwa kachasu. Goli linkakhuza mbali imodzi yokha ya khosi, mpaka Jamani anachita chilonda chonyeka, ntchentche zili ng'waa. Ziboda zinafewa ndi matabwa onyowa. Bulaki anaonda nthiti kuwerengeka. Munda wanga chaka chimenecho amayi anu anaulima ndi khasu, mimba ya mwana wathu Lusayo ili pamtunda.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera nduna kudzatsegulira chombocho. Amayi anayamba kuphunzira nyimbo, ana asukulu kuzula udzu m'mbali mwa msewu, nyumba iliyonse kusonkha mazira ndi mpunga zoti mlendo akalandire. Kutatsala masiku ochepa, a Kamwendo anandiitanira kuseri kwa shedi ya zitsulo. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"A Mwakalinga, ndinali kumsonkhano wokonzekera. Ndikuuzani chinthu, koma simunachimve kwa ine." Anayang'ana uku ndi uku. "A tcheyamani anena kuti chombo chikangofika tsidya lino, alengeza kuti anthu a dera lino apereka ng'ombe ziwirizo kwa mlendo ngati mphatso. Lole yozinyamula yapezeka kale."

"Dizilo wa lole wapezeka?" ndinatero ine.

"Wapezeka."

"Wa pantuni ya odwala kulibe, koma wonyamulira ng'ombe za Yotamu alipo!"

"Tsitsani mawu, chonde, mundiphetsa."

"Anati ndikubwereketsa!"

"Akalengeza pamaso pa nduna, anthu akuwomba m'manja, mudzaimirira n'kunena kuti ndi zobwereka?" Anagwira mkono wanga. "Ine ndinkangofuna anthu awoloke. Sindinaganize zoti zifika apa. Pepani."

Ndinapita kunyumba. Ndinawafotokozera amayi anu ali pamtondo. Sanasiye kusinja. Anati, "Awiske Tiwonge," ndiko kunena atate a Tiwonge, "mukufuna kuchita chiyani?" Ndinati ndikawauza a tcheyamani maso ndi maso kuti ndi mbala. Iwo anati, "Enya, mukawauze. Akakutengani, ng'ombe atenganso, ine nditsale ndi ana ndi khosi lanu m'makutu. Khalani pansi." Ndinakhala pansi. Anati, "Mawa ndi tsiku la dibi. Ng'ombe za mudzi wonse zipita kukasamba mankhwala. Zathu zipita nawo, koma sizibwerera nawo. Ndizipitiriza ndekha mpaka ku Uraha kwa achimwene anga a Wedisoni." Ndinati, "Ndi mimba imeneyo?" Anati, "Munda ndinalima ndi mimba ya ndani?"

Anachitadi zimenezo, masanasana, anthu akuona. Ndani angafunse mayi amene akukusa ng'ombe tsiku la dibi? Mulamu wanga Wedisoni anazilowetsa m'khola mwake pakati pa zake, ndipo kwathu kuno ng'ombe imene yaikizidwa m'khola la munthu wina, ngakhale mwini wake saitulutsa popanda kukhala pansi ndi wosungayo.

A tcheyamani anamva za ng'ombezo tsiku loti mawa lake nduna ifika. Anabwera padoko njinga ili liwiro, kambendera kali petupetu.

"Mwakalinga! Ng'ombe zili kuti?" Udada unali utatha.

"Zadwala. Zapita kokachira."

"Kuti?"

"Kumene kulibe chombo."

Anthu anga asanu anali pomwepo, asodzi analiponso. A tcheyamani anatupa nkhope. Anati, "Ukudziwa kumene amapita anthu ochititsa manyazi chipani? Mawa nduna ikubwera kudzaona chombo chikuyenda. Chiyenda ndi chiyani?"

Ine magazi anali atakwera kale kumutu. Ndinamenya pachifuwa n'kunena mokweza, moti a tsidya lija anamva, "Chiyenda ndi ine!"

A tcheyamani anandiyang'ana. Kenaka anati, "Chabwino. Chikapanda kufika tsidya lino mawa, usadzagone m'nyumba mwako."

Atachoka, Efraimu analavula m'madzi. Anati, "Iwe Yotamu, mtanda uwo munthu mmodzi sangausunthe. Pamene umati ine, umatanthauza ife eti?" Ndinati, "Sindikukakamiza munthu." Iye anati, "Chete, chimutu. Ana ako amanditcha adada ang'ono. Koma ndikuuziretu, ine ndiye Bulaki. Jamani wachilonda ndiwe."

Tsiku la nduna

Nduna inafika dzuwa lili pamutu, galimoto zili mndandanda, fumbi lili koboo. Amayi ovala nsalu ya chipani anali atavina kuyambira m'mawa. Chombo tinali titachiika tsidya lija, chokongoletsedwa ndi masamba a nthochi, mutakwera amayi oimba ndi matumba a mpunga woonetsa. A Kamwendo anaima kumbuyo atagwira okha nsungwi ya Efraimu, tayi ili m'khosi, chifukwa tonse asanu ndi mmodzi tinkafunika kumtanda. Mbendera itakwezedwa tsidya lino, tinavula malaya, tinaika zifuwa pamtanda wa bulugamu uja, n'kuyamba kukankha.

Ana anga, ine ndasenza simenti m'nyanja, ndakoka pantuni ndi chingwe pa madzi osefukira, koma ntchito ngati imeneyo sindinaionepo. Mtanda unkadya pachifuwa. Matabwa anali oterera. Ukazungulira kangapo dziko lonse limayamba kuyenda, bango, mapiri, anthu, bango, mapiri, anthu. Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene ng'ombe zanga zinkamva miyezi yonse ija, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene unandipatsa mphamvu. Pakati pa dambo udzu unakola gudumu la kumanzere, chombo n'kuyamba kutembenuka. Amayi oimba anasokoneza nyimbo. A Kamwendo anaponda nsungwi mpaka magalasi anagwera m'madzi, osawatola. Efraimu pambali panga ankangoti, "Kokani a Jamani, kokani, msipu uli tsidya." Mnyamata wathu wina anasanza akukankha, osasiya mtanda. Tinafika. Chombo chinagunda gombe, nthungululu zili lilili, ife tili gone pamatabwa ngati nsomba.

Nduna inayandikira, munthu wa suti yakuda, n'kutiyang'ana. Inatembenukira kwa a tcheyamani n'kufunsa kuti, "Kodi si paja munandiuza kuti chimayenda ndi ng'ombe? Ng'ombezo zili kuti?"

Ine ndinadzuka n'kukhala tsonga, ndikuganiza kuti basi, lero ndagona kwina. Koma a tcheyamani anali munthu wodziwa kudzipulumutsa. Akanati ng'ombe zathawitsidwa, manyazi akanagwera iwo amene analonjeza. Anagwira chimkuzamawu n'kunena kuti, "Olemekezeka, anthu a kuno ndinawalangiza ine kuti ng'ombe zipite kumunda zikalime, pakuti chuma chathu chili m'nthaka. Anyamata awa anadzipereka okha. Akuti chitukuko sachisiyira nyama, amachigwira ndi manja awo!"

Nduna inasangalala kwabasi. Inandigwira chanza, dzanja lake lofewa ngati la khanda, n'kunena kuti mzimu umenewu ndi umene ukufunika m'dziko muno, ndipo chombochi chipitirize kuyenda chomwechi kuti maboma ena adzaphunzire. Anthu anawomba m'manja. Inakwera galimoto ndi mazira athu ndi mpunga wathu, n'kumapita. Lole ya ng'ombe inabwerera yopanda kanthu.

Efraimu anandinong'oneza kuti, "Wamva? Akuti chomwechi."

Miyezi yotsatira

Chomwechi chinakhaladi chomwechi. Mawu a nduna palibe amene akanawafufuta. A Kamwendo analemba kuboma kupempha kuti tichotse magudumu tibwerere ku nkhafi, yankho linabwera loti chombo chimene chayamikiridwa ndi akuluakulu sichisinthidwa. Ndiye mvula yonse yotsalayo, ndi mvula ya chaka chinacho, amuna asanu ndi mmodzi olembedwa ntchito ndi boma, okwatira, a ana awo, tinkazungulira mtanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mabwato a asodzi akutidutsa mbali zonse. Alendo ankabweradi kudzaphunzira, n'kumalemba m'timabuku tawo, koma sindinamve kuti kwina anakapanga chinzake. Awiri mwa anthu anga anasiya kundiyankhula. Mkazi wa mmodzi anabwera kudzandilalatira pakhomo kuti mwamuna wake akumazungulira ngakhale kutulo. Ankanena zoona. Bondo langa lakumanzere ili mumaliona likutupa nyengo yozizira, linathera pamenepo. Nditapuma ntchito palibe amene analemba za bondo limeneli pa pepala lililonse. A tcheyamani anakwezedwa udindo chifukwa cha nzeru zawo zogwiritsa ntchito manja a anthu. A Kamwendo anapempha okha kusamutsidwa, ndipo tsiku lonyamuka anabwera kudzakankha nafe mtanda ulendo umodzi wathunthu. Chombocho chinatha pamene migolo yake inadyeka ndi dzimbiri, chinangokhala pansi m'matope pafupi ndi gombe, ndipo tonse tinachiyang'ana chikumira popanda wothamangira chingwe.

Koma mverani ichi. Pakuti a tcheyamani ananena okha pamaso pa nduna ndi pamaso pa dera lonse kuti ng'ombe anazitumiza kumunda ndi iwo, sakanathanso kuzifunsa. Patangopita sabata zochepa chichokereni nduna, ndinapita ku Uraha, ndinakhala pansi ndi mulamu Wedisoni monga mwa mwambo, ndinamuthokoza ndi nkhuku, iye n'kutsegula khola. Chilonda cha Jamani chinali chitauma. Sindinadzere njira yachidule ya kumunda ayi. Ndinadzera pamsika wa Mlare tsiku la msika, ndikutsimphina, ng'ombe zanga zili patsogolo, mpaka pakhomo pa a tcheyamani. Anali pakhonde akumwa tiyi. Ndinaima n'kupereka moni mwaulemu wonse.

"Monire a tcheyamani! Ndati muzione ng'ombe zija munazitumiza kumunda. Zikuthokoza kwambiri chifukwa cha malangizo anu."

Kapu inaima panjira yopita kukamwa. Anthu a pamsika anali atasiya malonda. Anati, "Yewo, dada Mwakalinga. Zikalime bwino."

"Zikalima," ndinatero ine.

M'mawa mwake ndinadzuka kukonzekera ntchito. Ndinamanga nsanza pabondo, ndinapinda thumba loika pachifuwa kuti mtanda usandidye. Podutsa pakhola ndinapeza Bulaki ndi Jamani ali gone pa utsi wawo, akubzikula mosatekeseka, akundiyang'ana ine ndikupita kukagwira ntchito yawo. Amayi anu anatuluka ndi Lusayo kumsana, n'kuima pambali panga. Anayang'ana ng'ombezo, anayang'ana ine.

Anati, "Awiske Tiwonge, mukaweruka kukoka musachedwe panjira. Mabwana anuwa afuna udzu."

Ndinati, "Auzeni adikire. Ndibwera nawo wanthete."

Ndipo ndinabwera nawo.